Tsiku limene a Esime analira mwana wamoyo

Ine ndi a Esime timagulitsira limodzi pa malire a Mwanza, pafupi ndi pamene madalaivala a mathiraki amadikira mapepala awo. Nthawi ya manachesi timagulitsa manachesi, ikakhala ya mango, mango. Ndi mayi wa pakamwa, sindikubisirani. Dalaivala akanenerera kwambiri amamutukwana m'Chinyungwe uku akumusekerera, munthuyo n'kugula osadziwa kuti walandira ndi basera.

A Esime anabadwira kutsidya, ku Mozambiki, cha ku Zobue. Kuno anafika ali mtsikana wosatha msinkhu, nthawi ya nkhondo ija, bambo awo atathera m'njira. Za ulendo umenewo safotokoza. Ndimangoona kuti tayala la thiraki likaphulika, tonse timadzidzimuka n'kuseka, koma iwo amakhala duu mpaka madzulo. Anakwatiwa kwa Nthache. Mwamuna anamwalira, ana awiri anapita ali aang'ono, n'kutsala ndi mmodzi, Taziona.

Taziona ndi bambo ndithu, wandevu zake. Anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya masisitere pa mishoni ina ya mkati mwa Mozambiki, yomwe ili ndi kachipatala. Amake sanafune.

"Ine ndinathawako wapansi, iwe ukubwererako pa galimoto?"

Koma kuno ntchito ili kuti? Makala ndi ganyu basi. Anapita.

Ndiye kutsidyako kunabuka chipwirikiti. Misewu inatsekedwa, mathiraki anasiya kudutsa, mafoni osagwira. Aliyense wowoloka ankabwera ndi nkhani yake, koma zonse zinkathera pamodzi, kuti nkhondo ikubwerera. A Esime anaonda ndikuwaona. Mango ankawolera m'dengu iwo maso ali kugeti. Titamva kuti akuluakulu a mpingo alamula amishonale akunja kuti atuluke, nkhope yawo inawala koyamba.

"Ndiye kuti wanga akubwera. Nanga awayendetsa ndani?"

Galimotoyo inafikadi masana ena, galasi la kutsogolo litang'aluka, m'kati mutadzaza masisitere ndi zikwama. A Esime anaizindikira ili patali, anathamanga chitenje chili m'manja. Ine ndinawatsata. Pa chiwongolero panali Sisitere Anne, mzungu wokalamba amene Chichewa chake anaphunzira m'mabuku ali mtsikana, n'kukhala zaka zambiri akulankhula Chipwitikizi. Anatsika maso ali psuu.

"Sisitere, mwana wanga ali kuti?"

Sisitere anawagwira manja onse awiri. "Pepani kwambiri, mayi. Taziona watisiya. Watisiya panjira."

Sindinamvepo munthu akulira choncho. A Esime anadzigwetsa pafumbi, akuitana mwana wawo ndi bambo awo omwe, m'chilankhulo chakwawo. Amayi anzathu anasiya malonda n'kuyamba kubuma. Wakabaza wina wa kwa Nthache sanadikire kutumidwa, anapalasa kukanena uthenga. Sisitere naye ankalira, ndiye ndani akanakayika?

Panapita nthawi ndithu ndisanakumbukire kufunsa chofunika. "Sisitere, nanga thupi lili kuti?"

"Thupi la ndani?"

Apa m'pamene zinadziwika. Mayiyo sankadziwa kuti kwathu kuno munthu akatisiya ndiye kuti wamwalira. Iye ankatanthauza kuti Taziona anawasiya iwowo. Atawadutsitsa pamalo oopsa, anaimitsa galimoto, anapereka makiyi, n'kubwerera wapansi ku mishoni. Kuchipatala kunatsala odwala osayenda ndi namwino mmodzi yekha, ndipo Taziona anati sangagone tulo atawasiya choncho.

Ndinkayembekeza kuti a Esime alumpha ndi chimwemwe. Anadzuka pang'onopang'ono, osasasa n'komwe fumbi.

"Ndiye kuti ali moyo."

"Ali moyo, mayi. Tinamuletsa, anakana."

"Munamuletsa. Inu amene munamuphunzitsa za mbusa wosathawa nkhosa, lero muli kuno, iye ali uko."

Kunena zoona Sisitere ndinamumvera chisoni, chifukwa naye anachita kulamulidwa, ndipo zikuoneka kuti mtima wake unatsala komweko. Koma mkwiyo unandigwiranso. Zaka zonsezi pakati pa anthu, osadziwa mawu amodzi okhawo?

Pamene tinkafika kwa Nthache, masamba anali ataikidwa kale pamsewu. Amayi a mpingo anali atayamba nyimbo pakhonde, achibale ena akukambirana za bokosi. Zinali zamanyazi kuwauza kuti abalalike. Amuna anachotsa masambawo mwakachetechete, ndipo palibe anaseka. Akuluakulu ankanong'onezana kuti kulira munthu wamoyo ndi malodza, kuli ngati kumuitanira imfa. A Esime anamva, ndipo mawu amenewo anawalowa kuposa a sisitere.

Masisitere anapitirira ku Blantyre. Kuchokera tsiku limenelo a Esime anasamutsa dengu lawo, analiika pafupi penipeni ndi geti, padzuwa, pamene ogula safika. Aliyense wochokera kutsidya amamufunsa. Ena amati mishoni ija ilipo, ena amati inabedwa katundu, koma za dalaivala wandevu palibe akudziwa. Foni yake siigwira mpaka lero. Kutukwana madalaivala anasiya, ndipo ine zimenezo ndimazisowa.

Tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana msewu, akulimbana ndi misozi. Ndinati, "Amake a Taziona, lirani, mtima upepuke."

Anapukusa mutu. "Ayi, achemwali. Ndinamulira kamodzi ali moyo. Kanthu kakamuchitikira uko, ndiye kuti ndine. Ndikangogwetsanso msozi ndamumaliza."