Alumali ya Nsomba Pafupi ndi Mphasa

Malasha atatsika mtengo, mzungu amene ndinkamusamalira maluwa ku Moatize anabwerera kwawo n'kundisiyira mabokosi atatu agalasi. Awiri anali ndi tinsomba tofiira. M'lachitatu ndinadzalamo ndere ndi tizomera ta m'mphepete mwa mtsinje wa kwathu ku Zóbuè, kuti mayi a kunyumba aziona zobiriwira m'dziko lafumbi lino. Chaka chimenecho n'kuti atafa ziwalo mbali imodzi. Ankakhala chigonere pamphasa, ndipo chimene chinkawatsitsimula chinali kuyang'ana nsombazo.

Khosi lawo silinkatembenuka, choncho mabokosi onse anafunika kusanjikizana pamaso pawo, pafupi ndi mphasa. Bokosi limodzi la nsomba linkamwa zigubu zinayi za madzi. Komanso masana sirene ikalira, kumgodi ankaphulitsa miyala, nthaka n'kugwedezeka mpaka mbale kulira m'dengu. Munthu wamiyendo yake akhoza kuthawa galasi likamagwa. Mkazi wanga sakanatha.

Mlongo wawo anatsika kuchokera ku Zóbuè ndi matabwa a bulugamu.

"Alamu, nkhokwe zimene ndamanga ine mungaziwerenge? Tingokhomerera kukhoma, zatha."

Anakhoma alumali yake, kenako anaiyesa monga timayesera thandala la nkhokwe kumudzi. Anakwerapo, anadumphadumpha, n'kuitana woyandikana nafe, munthu wathupi ndithu, kuti akhalepo naye. Thabwa silinalire n'komwe.

"Mwaona? Ikanipo nsomba zanu, achemwali asangalale."

Ndinathokoza, koma mtima sunakhazikike. Ndinkangokumbukira nsanja ija ya m'Malemba Oyera imene inagwera anthu khumi ndi asanu ndi atatu, osati chifukwa anali ochimwa koposa anzawo. Ndinapemphera mwachidule, ndipo m'malo mwa magalasi ndinasanjapo zigubu zodzaza madzi. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo ndinkanyamula mayi n'kuwagoneka pakhonde. Mlamu anakhumudwa, anati ndikumuyesa mwana.

Tsiku lachitatu anaphulitsa mwamphamvu. Mng'alu wakale wa pakhoma unayasama, misomali inazuka pamodzi ndi simenti, zigubu zonse n'kugwera pamene pamakhala mutu wa mkazi wanga. Mlamu anaima pakhomo atagwira pakamwa. Matabwa ake anali osathyoka. Kwathu kumapiri katundu amangopondereza pansi, ndipo n'zimene iye anayesa. Kuno nthaka imakankha cham'mbali.

M'mawa mwake ndinapita kwa mesitiri wina wowotcherera zitsulo pafupi ndi njanji. Ndinamufotokozera zonse.

"Madala, khoma la ku Moatize mungalidalire? Ilo likufunanso woligwira!"

Anasankha kantonera, chitsulo chopindika ngati ngodya ya nyumba, chochindikala. Anaika miyendo inayi yotangadza pang'ono, mipiringidzo yopingasana kumbuyo ndi m'mbali, ndi kamlomo kuzungulira thabwa lililonse kuti galasi lisatsetsereke. Kunsi kwa miyendo anaikako zidutswa za tayala. Anandilangiza kuti alumaliyo isakhudze khoma, nsomba zikhale m'munsi, zomera pamwamba.

Ndinaiyesanso ndi zigubu, ndipo inapirira masiku anayi. Koma chigubu si galasi, ndipo madzi a m'bokosi lotsegula amayenda okha. Ndinasanja mabokosi, ndinathira madzi, ndinabwezeramo nsomba. Panatsala kugoneka munthu pamphasa paja, ndipo sindikanayamba ndi amene ndinalonjeza pamaso pa guwa kuti ndidzamusunga podwala.

Ndinawatulutsa pakhonde monga mwa masiku onse. Sirene italira, ndinalowa n'kugona pamphasa yawo, mutu pamene pamakhala mutu wawo.

"Abambo," anaitana ndi lilime lawo lolemera, "mukaphwanyika inu, andinyamula ndani?"

Ndinayang'ana madzi aja ali pamwamba pa nkhope yanga, n'kuuza Mwini nthaka kuti maziko ake anaika ndi Iye, ndipo akudziwa amene amagona pano.

Kunagunda. Malata analira, fumbi linatsika kudenga. Madzi anathamangira kumanzere, anabwerera kumanja, madontho ozizira n'kundigwera pamphumi. Chitsulo chinanjenjemera pa matayala ake. Ndinatseka maso, kudikira phokoso la galasi. Silinamveke. Nditatsegula, tinsomba tinali titaunjikana pakona, kenako kamodzi kanatuluka, tinzake n'kutsatira.

Ndinadzuka, ndinakanyamula mayi a kunyumba n'kuwagoneka pamalo pawo. Ndinagwada pambali kuti ndiyamike, koma dzanja lawo lamoyo linandikoka malaya.

"Sunthirani uko, mwanditchingira nsomba."