Mkamwini amene anasamukira m'khola la anapiye

M'mawa umenewo Severino atatsegula chitseko cha khola, munali zii. Aliyense amene anasungapo anapiye akudziwa kuti khola likakhala chete, zinthu zavuta. Utsi wonunkha unamuwomba kumaso. Atayang'anitsitsa anaona tianapiye take tili ngundangunda pansi, tambiri titaunjikana pakhomo ngati timafuna potulukira. Mwa anapiye zana amene analandira sabata yomweyo, amoyo ankawerengeka ndi zala.

Anakhala pansi pomwepo, manja ali kumutu. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti panalibe woti amuloze chala. Anawapha yekha.

Ndikufotokozereni za munthu ameneyu. Severino sanali wa nkhuku ayi. Malasha ali pachimake ku Moatize, iye ankayendetsa chigalimoto cha mumgodi, chija tayala lake limaposa munthu kutalika. Ankakhala nyumba ya magetsi, anagula firiji, ndipo akabwera kudzacheza kwa apongozi ake ku Zobue ankamuyalira mphasa yatsopano. Ndiye mu 2016 mtengo wa malasha unagwa, kampani imene inamulemba inachotsa anthu, iye n'kukhala m'gulu lomwelo.

Kwawo kunalibe kobwerera. Mudzi umene anabadwira unadyedwa ndi mgodi, ndipo abale ake anasamutsidwira ku Mualadze, kumene nawonso ankangokhalira maganyu. Choncho anatenga mkazi wake Lídia ndi ana awo awiri kupita kwawo kwa mkaziyo, kamudzi ka pafupi ndi chipata cha m'malire cha Zobue, kumene banjalo linakhazikika litabwerako kothawa nkhondo ku Malawi. Bambo wa zaka makumi anayi anayamba chikamwini.

Inu mukudziwa mmene chikamwini chimakhalira. Malo ndi a kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza amakhala a mlongo wa mkazi. Mlongo wa Lídia anali Adriano, mlimi wa kabichi, munthu wosaseka wamba. Anampatsa mlamu wakeyo khasu, koma manja ozolowera chiwongolero anatuluka matuza tsiku lomwelo. Mizere yake inkakhota mpaka ana ankaitana anzawo kudzaona.

Ndi pamene Severino anamva za Cassimo, mwini sitolo wa pachipata, amene ankaitanitsira anthu anapiye a tsiku limodzi. Unkalipira, iye n'kuimba foni ku Chimoio, ndipo pakapita sabata ziwiri makatoni oboolaboola ankafika pa lole. Severino anaponya pamenepo kandalama konse kamene kanatsala.

Anapiyewo anafika mu Juni. Munthu wa ku Moatize sadziwa kuzizira, kwawoko bulangete ndi chokongoletsera bedi. Koma Zobue ndi kumapiri, ndipo mu Juni mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Cassimo anamuuza kuti anapiye amafuna moto. Makala ogula Severino anawaona kudula, pomwe kuseri kwa nyumba kunali thumba la malasha limene anachoka nalo ku Moatize.

"Bambo a Neide," anatero Lídia, "utsi wa malasha amenewa umanditsamwitsa ine munthu wamkulu. Nanga tizinthu timeneti tipuma bwanji?"

"Malasha ndagwira nawo ntchito zaka zambiri. Ndimawadziwa."

Ankawadziwadi, koma kuwanyamula kokha. Anasonkha mbaula, anatseka mipata yonse ndi masaka kuti kutentha kusathawe, n'kukoka chitseko. Zotsatira zake ndi zija ndayamba nazo.

Adriano anafika Severino akukumba dzenje lokwirira anapiyewo. Anaimirira, anayang'ana mudengu la akufawo, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Alamu, sindikukuthamangitsani lero. Koma mlongo wanga sangamadyetse ana awiri ndi inu wachitatu. Mvula yoyamba ikadzagwa zinthu zili chomwechi, tidzaitana ankhoswe. Inu mudzaona kolowera, ana adzatsala kuno."

Musamuone Adriano ngati munthu woipa. Nkhokwe imene onsewo ankadya inali yake, ndipo inkatsika akuona. Komabe mawu amenewo anamulasa Severino kuposa kalata yomuchotsa ntchito. Ntchito inapita, mudzi unapita, tsopano anatsala pang'ono kuchotsedwa pakati pa ana ake.

Ambiri zikatere amathamangira kunena kuti anapiye anabwera odwala kale, kapena kuti wina wawayang'ana ndi diso loipa. Severino anapita kwa Cassimo n'kufotokoza zonse mmene zinayendera. Cassimo anayesetsa kudzigwira, koma zinamukanika, anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Patarau, bwana wanga, ndiye munawafukiza ngati nsomba," anatero akupukuta misozi. "Khalani pansi. Amene amanena zoona ndimamuphunzitsa, chifukwa ndiye amabweranso kudzagula."

Anamuphunzitsadi. Koma maphunziro sagula katoni, ndipo m'thumba munalibe kanthu. Amene anapeza njira anali Lídia. M'nyumba mwawo, m'mudzi wopanda magetsi, munali firiji ija itaima pakona ngati mlendo. Severino ankaipukuta Lamlungu lililonse, poti ndi yokhayo inkachitira umboni kuti nayenso anakhalapo munthu.

"Firiji imeneyi tikusungamo chiyani?" anafunsa Lídia. "Mbale ndi makope a sukulu. Ipite kwa a Cassimo."

Inapita pa ngolo, anthu akuonerera. Cassimo anailandira n'kumuitanitsira katoni ina, kuwonjezapo chakudya cha nkhuku ndi katemera.

Mukuganiza kuti apa zinayamba kuyenda? Ayi ndithu. Lole yonyamula anapiye inawonongeka pafupi ndi Tete, n'kukhala padzuwa tsiku lathunthu. Katoni itatsegulidwa, ena anali atafa kale, otsalawo ali wefuwefu, kukamwa kuli yasa. Severino anawatenga mmodzimmodzi, kuviika kamlomo m'madzi a shuga, kumuika pansi, kutenga wina. Ngakhale anatero, sabata yoyamba m'mawa uliwonse ankatola akufa, lero awiri, mawa atatu. Tsiku lina anatuluka m'kholamo n'kuuza mkazi wake kuti mwina alamu akunena zoona.

"Amene afa mwawawerenga," anayankha Lídia. "Amoyowo mukuwasiyira ndani?"

Anabwerera m'khola, ndipo ulendo uno ananyamula mphasa yake n'kusamukira momwemo. Makala ankayatsira panja mpaka utsi utatha, n'kuwathira mumphika wadothi pakati pa khola. Pamwamba pa khoma anasiya mpata wopitira mpweya. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kuwamva anapiye ake. Akaunjikana pamphika, ndiye kuti azizidwa. Akathawira m'makoma, moto wachuluka. Akamwazikana khola lonse, kumadya ndi kulira motsitsa, zonse zili bwino. Wina akangoima payekha mapiko ali pansi, ankamupatula msanga.

M'mudzi nkhani inali yomweyo. Ankati mkamwini wa kwa Adriano wasiya mkazi, wakwatira nkhuku. Amuna anzake akamudutsa ankalira ngati tambala. Iye ankangowapatsa moni. Chimene chinamugwetsa nkhope ndi tsiku limene Neide, mwana wake woyamba, anabwera kuchokera ku sukulu n'kuima pakhomo la khola.

"Ababa, anzanga akuti mvula ikagwa muzipita. N'zoona?"

Severino anafuna kunama, koma mwanayo ankamuyang'ana m'maso.

"Sindikudziwa, mwanangu. Koma tsiku lililonse ndikulimbana kuti ndisapite."

Patatha mwezi ndi theka, nkhuku zoposa theka la katoni ija zinali zitakula, zoyera mbee, zolemera m'manja. Woyamba kugula anali Zaquia, mkazi wa Cassimo, amene amaphikira madalaivala a malole odikira mapepala pachipata. Iye ankafuna zamoyo kuti zizingidwe mwa Chisilamu, ndipo atazinyamula n'kuona kuti n'zathanzi, anauza anzake a mabaraka ena, timalo todyera ta pachipatapo. Sabata isanathe khola linali lopanda kanthu. Severino anagula thumba la chimanga n'kukalitula kwa apongozi osanena zambiri, ndipo katoni yachitatu anaitanitsa ndi ndalama za thukuta lake.

Gulu lachitatulo linakumana ndi dzuwa la mu Okutobala. Alimi ena a pafupi nkhuku zawo zinkagwa masana chifukwa cha kutentha. Koma pa nkhani ya kutentha, mwana wa ku Moatize sauzidwa. Anapachika masaka onyowa m'mazenera, masana ankachotsa chakudya n'kusiya madzi ozizira okhaokha, padenga anayala udzu. Zinafa zowerengeka chabe.

Mvula yoyamba inagwa mkati mwa Novembala. M'mawa mwake Severino akusesa m'khola anaona Adriano akubwera, khasu paphewa, chingwe m'manja. Anayang'ana kumbuyo kwa mlamu wakeyo kuti aone ngati ankhoswe akutsatira.

"Alamu, tiyeni," anatero Adriano.

Anayenda mpaka kumunsi kwa mudzi, pamalo a banja pamene sipanalimidwe zaka zambiri. Lídia ndi ana ankawatsatira chapatali. Adriano anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kukhoma khasu pansi.

"Khola lija lachepa, komanso fungo likuwasowetsa mtendere mayi. Mumange pano. Nyumba yanu ikhale apo, chakumtunda. Zonse zikhale za njerwa zootcha, za mapesi sindikuzifuna."

Severino anayang'ana khasulo, anayang'ana mlamu wake. Munthu amene akupita sauzidwa kuti aotche njerwa. Bambo uja ankayendetsa chigalimoto chachikulu ngati nyumba ananjuta m'matope momwemo n'kulira ngati mwana. Neide anathamanga n'kudzamugwira m'khosi.

"Gwirani chingwechi, alamu," anatero Adriano akuyang'ana kumbali. "Dzuwa likutitha."

Lero mukadutsa pa Zobue n'kudya nkhuku m'baraka ina ya pachipata, mwina ndi yochokera m'makola a Severino. Ana ake akukulira pakhomo pake, akudzuka m'mawa n'kumva mawu a bambo awo panja. Ndipo musaganize kuti anapiye anasiya kumufera. Katoni iliyonse imataya angapo, iye amawakwirira n'kupitiriza kusamala otsala.

Inu amene mwatsegula khola lanu m'mawa uno n'kupeza muli zii, kaya ndi khola la nkhuku, kaya ndi geni, kaya ndi mayeso, lirani ngati mukufuna, palibe cholakwika. Mukatha, funsani chimene chawapha, ndipo yankho likaloza inu, livomereni. Kenako pitani mukaitanitse katoni ina. Pali anthu kunyumba kwanu amene akudikira kuona ngati mudzuke, ndiye mtima musautaye.