Suti Yabulawuni ya kwa Merle

Kasitolo ka Merle Considine kanali kuseri kwa khoti, mu Surry Hills, kopanikizika pakati pa bala ndi shopu ya payi wa nyama. Pachitseko panalembedwa kuti amagulitsa zovala zakale ndi kusoka zong'ambika, ndipo sikunali kunama. Koma ntchito imene inamutchukitsa mu Sydney sinalembedwe paliponse. Mayiyu ankatha kutenga mwamuna wotchena mochititsa kaso n'kumusandutsa munthu womvetsa chisoni, tiyi asanazizire m'kapu.

Makasitomala ake anali madoda aja m'dera lathu tinkawatchula kuti afulashi, anthu a nsapato zonyezimira koma ntchito yawo yosadziwika. Wina akapitirira muyeso, taye yofiira psuu, mphete zala zonse, ameneyo tinkamuti leya, ndipo silinali dzina loti munthu n'kulinyadira. Masiku onse kutchenako ndiye kunkawadyetsa, chifukwa munthu wovala bwino chotero akakuuza kuti hatchi yakutiyakuti ipambana Loweruka, umangopisa m'thumba. Tsiku la mlandu kutchena komweko kunkawapachika. Woweruza akangoona suti yamizeremizere ikulowa, mlandu ankakhala ataugamula kale mumtima. Ndiye loya aliyense wanzeru ankamunong'oneza munthu wake kuti adzere kaye kwa Merle.

Merle sankachita za chibwana. Mphete ankaziponya m'chitini cha tiyi. Nsapato ankazipukuta ndi kansanza konyowa mpaka kuwala konse kuthe. Jekete ankasankha la manja aatali pang'ono kuti zala zizingosuzumira mwamanyazi, kenako n'kudula batani limodzi ndi kulisokanso ndi ulusi wa mtundu wina. Batani limenelo ndiye linali mankhwala ake aakulu: woweruza akaliona ankaganiza kuti kunyumba kuli mkazi wovutika amene akuyesetsa. Kalilole wa m'sitolomo ankamuphimba ndi nsalu, poti anaphunzira kuti fulashi akadziona atavala zoterozo amathawa. Wansembe atamufunsa tsiku lina ngati chikumbumtima sichimuvuta, Merle anayankha kuti iye sanalankhulepo bodza m'khoti, amangosoka mabatani.

Choseketsa n'chakuti mfumu ya afulashi onse inkagona m'nyumba mwake momwemo. Clarrie, mwamuna wake, anakumana naye ku dansi Merle ali mtsikana, mnyamatayo atavala chipewa chopendekera ndi duwa loyera pachifuwa, ndipo mayi ake a Merle atangomuona anati ameneyu ukamupatsa moni uziwerenga zala zako. Merle anakwatiwa naye basi. Zaka makumi atatu Clarrie ankagulitsa mawotchi, mafuta onunkhira, ndi zina zimene ankati zagwa m'sitima kudoko, koma sanalowepo m'sitolo muja ngati kasitomala, chifukwa sanagwidwepo. Akazi m'thiramu, sitima ija yoyenda mumsewu, ankamutembenukira. Merle ankamusitira malaya m'mawa uliwonse, koma kumuuza kuti ndi wooneka bwino, ayi ndithu. Ankati mzinda wonse ukumuuza kale, iye akawonjezera mutu sudzakwananso m'chipewa. Ankadziwa za kabotolo kodetsera tsitsi kobisidwa kuseri kwa bafa, ankadziwanso za lamba wofinya mimba, ndipo ankangokhala ngati sakuona.

Mu 1958 zinamuthina Clarrie. Mayi wina wamasiye, Mayi Pettigrew, anagula kwa iye wotchi yagolide imene patangotha sabata inawasiyira mzere wobiriwira padzanja. Kupolisi anangonena kuti anali mwamuna wamtali, wa tsitsi lakuda bii, wa duwa pachifuwa, wokongola zedi. Apolisi sanavutike n'kufufuza, anangoyenda pansi kubwera kwa Clarrie, ndipo iye atamva mmene anamufotokozera anaoneka wosangalala kuposa wamantha.

Loya ananena mosabisa kuti mayiwo akakamuloza m'khoti, ndi miyezi isanu ndi umodzi m'ndende. Vuto linali loti ukwati wa Noeline, mwana wawo yekhayo, unali utangotsala masabata atatu. Diresi Merle anali atasoka kale. Noeline anali kukwatiwa ndi kalaliki wa kupositi, wa banja lopemphera, ndipo chimene ankafuna kwa bambo ake chinali chimodzi, kuti adzamugwire mkono polowa m'tchalitchi. Sanalire, sanakalipe. Anangofunsa mayi ake kuti bambo akapita adzamulowetsa ndani, ndipo funso limenelo linamusowetsa mtendere Merle.

M'mawa wa tsiku la mlandu Clarrie anatsika masitepe kuchokera kunyumba kwawo pamwamba pa sitolo atavala suti yake yotuwa ngati nkhunda, duwa lili pamalo pake, akununkhira msewu wonse.

"Vula," anatero Merle.

"Iwe Merle, munthu akamagwa azigwa ataoneka bwino."

"Ukagwera kundende, kumene amameta mpala. Vula, leya iwe."

Clarrie anayesa zonse. Anati woweruza ndi munthu wodziwa nsalu, anati pabwera atolankhani, anati suti yabulawuni imamuyabwa pakhungu. Merle anangoloza diresi loyera limene linapachikidwa kuseri kwa chitseko. Clarrie analiyang'ana kanthawi, n'kuyamba kumasula taye.

Merle anamuweramitsa pabeseni n'kumutsuka mutu ndi sopo wochapira mpaka madzi anada. Anamuuza achotsenso chija cha pamimba. Clarrie anafunsa kuti chiti, Merle anangotambasula dzanja, ndipo lamba uja anatuluka. Kenako anatenga suti yabulawuni yomwe inapulumutsa akathyali ambiri, n'kumuveka. Analuma mapini pakamwa, anatenga sizasi, anabwerera m'mbuyo kuti aone poyambira.

Poyambira panalibe. Mapewa amene kwa ena ankachita kuwagwetsa ndi luso, kwa Clarrie anagwa okha. Khosi linkasambira m'kolala. Imvi zinali mbuu, ndipo pakati pa mutu pankaoneka khungu. Patsogolo pake panaima nkhalamba yotopa ya zaka makumi asanu ndi limodzi, yofanana ndi abambo aja amadyetsa nkhunda kupaki. Merle mtima unamupweteka kwambiri, chifukwa iyenso, wodziwa za kabotolo ndi za lamba, sanadziwe kuti zafika pamenepa. Ankagona naye bedi limodzi, komabe m'maso mwake munkakhala mnyamata wa ku dansi uja. Anazungulirazungulira, kukoka mkono wa jekete, kusasa fumbi limene panalibe, kuti aoneke ngati akugwira ntchito. Batani sanalidule n'komwe.

M'khoti Merle anakhala kumbuyo ndi Noeline. Mayi Pettigrew analowa atavala chipewa cha nthenga, okonzeka kumenya nkhondo. Atauzidwa kuti aloze munthu amene anawagulitsa wotchi, anayendetsa maso chipinda chonse. Anamudutsa Clarrie, anaima pang'ono pa loya, anamudutsanso Clarrie. Wapolisi woimira boma, thukuta lili kamukamu, anawafunsa ngati sakumudziwa bambo wakhala apoyo.

"Awa?" Mayiwo anaseka. "Ayi, bwana. Ine ndine wamasiye koma si wakhungu. Amene anandinyenga uja anali mwamuna, woti akakuyang'ana umaiwala poti utsikire thiramu. Agogo awa ndikanawapatsa mpando kuti akhale, osati ndalama zanga."

Khoti lonse linafa ndi phwete, ndipo woweruza anabisa pakamwa ndi pepala. Merle sanaseke. Ankayang'ana dzanja la Clarrie, limene linanyamuka pang'onopang'ono kupita kumutu monga linkachitira akafuna kusalaza tsitsi. Msana unayamba kuwongoka, chibwano chinakwera, pakamwa panatseguka. Merle anadziwa zimene zikubwera. Mwamuna wakeyu anali pafupi kuimirira n'kuwakumbutsa mayiwo tsiku, thiramu, ndi mawu onse amene anawauza, kuti khoti lidziwe kuti mwamuna uja ndi iyeyo. Kumuletsa sakanatha. Anangogwira dzanja la Noeline n'kulifinya.

Clarrie anatembenuka, mwina kuti aone amene akuseka kwambiri, ndipo maso ake anagwera pa mwana wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako dzanja lija linatsika n'kukhala pabondo, msana unabwerera mwakale. Woweruza anathetsa mlandu, n'kumuuza kuti pepani bambo pokuvutitsani pa msinkhu wanuwu. Clarrie anathokoza ndi mawu otsika.

Panja Noeline anamukumbatira n'kuthamangira kuntchito. Anzake a Clarrie a ku bala anatuluka kudzamukokera kuti akamwe, koma iye anakana, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anabwerera kunyumba ndi Merle. Merle m'njira anatsimikiza mumtima kuti wotchi ya golide weniweni imene iye mwini anali nayo aitumiza kwa mayi aja popanda dzina, chifukwa anali atawalakwira kawiri.

Atalowa m'sitolo, Clarrie anapita molunjika pa kalilole n'kukoka nsalu ija. Anadziyang'ana. Merle anatembenukira kukhoma n'kuyamba kufunafuna simbi imene inali pamaso pake pomwepo.

"Merle," anatero Clarrie, mawu ali ang'ono. "Ndi sutiyi, eti?"

Merle anali asanamunamizepo mwamuna wake chikwatirane. Analinso asanamuyamikirepo.

"Nanga chingakhale chiyani? Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zonsezi, koma sindinakhetsepo thukuta ngati lero. Ukuganiza kuti nkhope ngati yakoyo imabisika mosavuta? Ndinkachita mantha kuti mayi aja akuzindikira ndi maso akowo."

Clarrie anadziyang'ananso. Anatembenuza mutu uku ndi uku, anakweza chibwano pang'ono.

"Ndinadziwa," anatero. "Uli ndi dzanja loopsa, mkazi iwe. Woweruza mpaka kundipepesa." Anavula jekete lija n'kuliponya pampando ngati lamuwotcha. Atafika pamasitepe anaima, akukanda m'mutu, n'kunena kuti ali ndi kanthu kena kofunika kuchita kubafa.

"Kali kuseri komwe umakabisa kuja," anatero Merle. "Katsala pang'ono kutha, ndakugulira kena ka ukwati."

Atamva chitseko cha kubafa chikutsekeka, anayala suti yotuwa ija pathebulo, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyamba kusita kolala.