Ulemu Umene Unatuluka ndi Mpini

Amuna anga anali mkamwini wochokera ku Sinda, munthu waulemu mpaka kutopetsa. Ngakhale kamwana kamamina ankakaitana kuti "inu". Akaona amayi anga m'njira ankapatukira kutchire, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Zinali zaka za chitaganya, tikukhala kwathu kufupi ndi Katete.

Ndiye atsibweni anga, eni mbumba, anakangana ndi amuna angawo za malire a munda wa nsawa. Nkhani ya mizere chabe! Atsibweni anawakhoma ndi mpini m'mutu. Ndinawapeza ali kwala, magazi akutuluka m'khutu. Kuchipatala cha mishoni bala linapola, koma amene ndinabwera nawo kunyumba anali munthu wina.

Mawu ankawathawa. Akafuna madzi ankati "khasu", ine n'kubweretsa khasu, iwo n'kuliponya uko mokwiya. Pamaliro ankaseka, kikiki, ine n'kuwatseka pakamwa ndi nsalu, n'kuwakokera kuseri kwa nkhokwe. Choipitsitsa, "inu" anatheratu m'kamwa mwawo. Aliyense anasanduka "iwe". Tsiku lina analowa m'nyumba ya amayi, n'kuwayang'ana m'maso, amvekere: "Iwe, ndipatse fodya." Amayi anakuwa ngati awavula.

Atsibweni anasonkhanitsa abale. Akuti mkamwini wamwanoyu achoke, ine ndikwatiwe ndi wina. Anthu inu! Woswa mphika yemweyo ndiye azidandaula kuti ukudontha? Amuna anga anali khale pambali panga akuseweretsa kamtengo, osadziwa n'komwe kuti akupirikitsidwa. Mtima wanga unawira. Sindinagwade ayi. Ndinaimirira, n'kuwaloza chala atsibweniwo.

"Iwe! Ulemu ukuufunawo unautulutsa wekha ndi mpini. Kautole kumunda wa nsawa komwe unatayikira."

Amayi anagwira pakamwa. Tsiku lomwelo tinauyamba wa ku Sinda, mtolo pamutu, mwana kumbuyo, amuna anga nditawagwira dzanja. Munda uja atsibweni anaulanda. Sindibisa, chaka chilichonse ndinkaufunira chiswe.

Amuna anga sanachire. Ndinangozolowera kuti khasu ndi madzi, ndipo "iwe" wawo kwa ine sankandipweteka.

Patapita zaka, uthenga unafika woti atsibweni atisiya. Apongozi anga anati ndipite ndekha, wodwalayu angakandichititse manyazi. Ndinakana. Amuna angawo ndinawachapira malaya, ndinawameta, n'kukawakhazika pakati pa amuna, pafupi penipeni ndi khomo la siwa. Inenso ndinakhala poonekera.

Azimayi atayamba kubuma, ndinamva kikiki uja. Abale onse anacheukira kwa ine, kudikira kuti ndithamange ndi nsalu.

Nsalu yanga ndinaimangitsa m'chiuno, n'kupinda manja. Amuna anga anaseka mpaka kumanda.