Yotamu ndi Timbalame ta ku Vinthukutu

Inu amene anthu anakufulatirani popanda mlandu, imvani za Yotamu.

Anamutulutsa m'ndende mvula itangoleka, m'zaka zija za chipani chimodzi. Mano awiri anatsala komweko. Mlandu wake? Anajambula akwati pa doko la Chilumba, ndipo kumbuyo kwa mkwatibwi kunaoneka boti la asilikali. Basi. Anthu ena anati akutumiza zithunzi ku Tanzania.

Kwawo ku Vinthukutu anapeza mkazi atanyamula katundu. Situdiyo yake, kachipinda ka njerwa pafupi ndi msika, inali momwe anaisiyira. Nsalu yojambulidwa nyumba zosanja za ku Joni ili pakhoma. Kamera yakale ili pansi pa tebulo. Koma pakhomo pamene kale anthu ankandanda Lamulungu akaweruka kutchalitchi, tsopano pankagona mbuzi.

Sikuti ankamuda. Ankaopa. Ndani akanakhala patsogolo pa kamera ya kapirikoni, munthu womuganizira kuukira boma? Ntchito yokhayo imene ankaidziwa inali kufa iye akuona.

Wobwera anali mmodzi: Zebedee, mwamuna wa mlongo wake, munthu wa pakamwa posapsa.

"Alamu, anthu akukukanani? Jambulani mbalame. Izo zilibe khadi la chipani."

Yotamu sanaseke. Koma m'mawa mwake timba anatera pampanda, kamchira kali njo, akulira ngati dziko lonse ndi lake. Yotamu anapukuta fumbi pa kamera.

Zithunzi zoyamba zinali zochititsa manyazi. Kamera ya mu situdiyo imafuna chinthu chapafupi. Kambalame kali patali kamangotuluka kadontho.

"Mbalame ili pati apa?" Zebedee anazondotsa chithunzi. "Ine ndikuona chitosi cha ntchentche."

"Sizilola kuyandikira."

"Ndiye muzipempha? Ulimbo ulipo, alamu. Kapena kundende anakuiwalitsani umwana?"

Anapaka ulimbo pa kanthambi. Dzuwa lisanakwere timba anakanirira. Yotamu anayandikira mpaka kuona nthenga imodziimodzi, n'kujambula.

M'chipinda chotsukira zithunzi munalibe womuposa. Manja akewo anachotsapo ziphuphu pa nkhope za akwatibwi ambirimbiri. Anapala ulimbo wa pamapazi ndi nsonga ya lezala. Nthenga zonyankhalala anazigoneka ndi pensulo yosongoka. Anaviika pepala m'mankhwala, nyali yofiira ili pamwamba, ndipo timba anayamba kutuluka pang'onopang'ono. Mapazi oyera. Mapiko osalala.

Kenako diso.

Diso limenelo ankalidziwa. Analiona pa aphunzitsi, pa asodzi, pa abusa, chitseko cha selo ya kundende chikamatseguka. Anayesa kulifewetsa ndi pensulo. Linakana. Pensulo imachotsa chiphuphu, siichotsa mantha.

Anang'amba pepalalo. Timba uja anali atafera kale m'manja mwake pomumatula, nthenga zina zitatsalira pa nthambi.

"Ulimbo wanu tengani," anauza Zebedee.

"Ndiye mudya chiyani, zithunzi za mitengo?"

"Kaya."

Amene anayendako ku Karonga mu Okutobala akudziwa. Dzuwa limaphika munthu ali chiimire. Zithaphwi zimauma. Yotamu anaika phale la madzi pansi pa mkuyu, kanthambi kouma pambali pake. Pafupi anaimika chitini chakuda chofanana ndi kamera, n'kuchisiya pomwepo mpaka mbalame zinayamba kuchinyerera. Zitachizolowera, anachotsa chitini, n'kuikapo kamera yeniyeni. Anamanga ulusi pa kabatani kake kojambulira. Iye anagona chafufumimba kuseri kwa mphasa, ulusi uli ku chala.

Nyerere zinamuluma. Thukuta linalowa m'maso. Filimu ikatha ankapita ku Ngara kukasenza matumba a usipa, n'kutuma madalaivala a malole kuti amugulire ina kutauni.

Ndipo zimene ankapeza? Mchira wokha. Phiko losaoneka bwino. Nthambi yopanda kanthu. Chilimwe chinatha, china n'kubwera. Amayi opita kuchitsime ankamuona ali gone padothi n'kugwedeza mitu: kundende anamusokoneza mutu, wachisoni.

Tsiku lina kunabwera pumbwa. Anamwa. Anasamba. Analumphira pa kanthambi, n'kudzikung'untha, n'kutukula mutu. Kukhosi kunatupa, mlomo yasa.

Yotamu anakoka ulusi.

Ntchito inali isanathe. Pa chithunzicho thambo linatuluka loyera mbee, mbalame yakuda ngati khala. Anamangirira kathonje ku nsonga ya waya, namakagwedeza pamwamba pa chifuwa cha pumbwa kuti kuwala kusachipsereze. Thambo analidetsa pang'ono, kuwala kukudutsa pakati pa zala zake. Mapepala ambiri anapita kudzala. Pomaliza timadontho ta madzi tinaoneka pa nthenga, ndi kalilime m'kamwa. Diso sanalikhudze.

Chithunzicho anachipachika pawindo la situdiyo.

Anthu ankadutsa akuyang'ana cham'mbali. Ena ankachedwa dala, ngati akumanga chingwe cha nsapato. Wolowa panalibe.

Kenako masana ena wina anagogoda. Osati kumaso. Kuseri. Anali Violet, mayi wa ku Sangilo, mwana ali kumsana.

"Monire, adada." Anasuzumira uku ndi uku. "Bambo wa mwanayu ali kumigodi ku Joni. Sanamuonepo. Wojambula wa kuboma watipatsa utsi wokhawokha, akuti mwana sakhazikika. Ndiye ndati, amene anagwira pumbwa akuimba, kamwana kangamukanike?"

"Lowani, amama."

Sanalowe. Anagwira mphuthu ya chitseko.

"Koma chimodzi, adada. Kumbuyo kwa chithunzi musadindeko dzina lanu."

Masiku amenewo wojambula aliyense ankadinda dzina lake kuseri kwa chithunzi. Ndimo mmene ntchito inkadziwikira. Chidindo cha Yotamu chinali patebulo pomwepo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Anatsegula dirowa, n'kuchiponyamo.

"Muikeni pamphasa. Musamugwire. Musamuopseze kuti ayang'ane kuno. Musiyeni asewere, ine ndidikira."

Anadikira. Mwana anakwawa, analira, anayamwa, kenako anaona chala chake chakuphazi n'kuseka. Yotamu anajambula.

Violet atabwera kudzatenga chithunzi anakhala pansi. "Yewo, adada," anangothokoza motero, akupukuta m'maso ndi chitenje.

Mbiri inayenda monong'ona. Anabwera ena, amayi a makanda, anamwino a ku Chilumba, ngakhale akazi a apolisi. Onse kuseri. Kumsika ambiri sankamupatsabe moni. Wopepesa sanapezeke, ngakhale mmodzi. Koma situdiyo inadzuka, ndipo Yotamu anadya za manja ake mpaka imvi.

Lowani m'nyumba zakale za ku Vinthukutu ndi Sangilo. Mukaona chithunzi cha mwana akuseka ngati palibe womuona, chitembenuzeni. Kumbuyo n'koyera.

Inunso mwina sadzakupepesani. Mwina dzina lanu adzaliopa mpaka kumanda. Zimawawa, tisanamizane. Koma luso lili m'manja mwanu, ndipo m'manjamo sanalowemo. Thirani madzi m'phale, gwirani ulusi, dikirani. Mtima wokhawo musawapatse.