Denga la Amayi ndi Ufulu wa Achimwene

Achimwene anga adamasulidwa mwezi wa Okutobala, m'tenti ya mlaliki wina amene adafika pa Chezi ndi zokuzira mawu. Kachasu adasiyadi, pamenepo sindingawanamizire. Amayi adalulutira mpaka mawu kusasa.

Koma mlaliki uja adawauzanso kuti adule maunyolo onse a kumtundu, ndipo achimwene, munthu amene sadamalizepo mzere wa fodya osakhala pansi, ntchito imeneyi adaigwira mwakhama. Kumaliro adaleka kupita, ati n'za akufa. Kumunda adaleka, ati mbalame sizilima koma zimadya. Ankangozungulira mudzi atavala jekete, Baibulo lili kukhwapa, ngati mbuzi zimene timamasula tikakolola. Khomo limene likununkhira nkhuku ndiye linkasowa pemphero.

Tsono denga la nyumba ya amayi linali litatheratu. Udzu ndidamweta ndekha kuphiri, mitolo ndidasenza ndekha. Kudangotsala kufolera, ntchito imene achimwene ankagwira chiyambire kumwalira kwa abambo. Mitambo itayamba kuda cha ku Ntchisi, ndidawapeza pakhonde akupukuta nsapato.

"Achimwene, denga lija bwanji?"

"Mlongo, ine tsopano ndine mfulu. Za thupi ndidazisiya."

"Ndiye amayi azigona kuti, mumzimu?"

Adandiyang'ana mondimvera chisoni, nati andipempherera.

Ndidapsa mtima koopsa. Ndidamanga chitenje n'kukwera ndekha. Anthu opita kuchigayo adatula matumba kuti aonerere mkazi ali padenga, ena akuseka osabisa. Ndidafolera mmene ndidathera, koma mvula yoyamba idaulula kuti sindidziwa kanthu. Nditathamangira kwa amayi masana amenewo ndidapeza mphasa ili yonyowa, mabeseni atatu akulira, amayi atadzipanikiza pakona atafunda thumba la feteleza. Zidandiwawa mpaka misozi.

Nditayamba kuwanyoza achimwene, amayi adandikwezera dzanja. Ndidati basi, ayamba kuikira kumbuyo mwana wawo wamwamuna monga mwa masiku onse.

"Pamene ankamwa ankafolera mokhota," adatero amayi, "koma ankabwera."

Kenaka adatsinzina, madzi akudonthera pathumba paja.

"Ambuye, mwam'masula mwana wanga, zikomo kwambiri. Koma chingwe mwangochisiya chikukwekwereka pansi. Chitoleni chikhale m'manja mwanu, mwina Inuyo mukam'tuma kuno adzabwera."