Mapazi a Kamzukwa

Ndinaganiza zopita ku Glasgow chaka chimene malipiro anga a unamwino analephera kugula feteleza wa bambo. Pondiperekeza, bambowo, amene anali mkulu wa mpingo kwathu ku Dedza, sanandichenjeze za chisanu. Anangoti, "Nabanda, wovala chigoba kumaso wasiya umunthu. Ukamuona, thawa."

Mawuwo sanali achilendo. Ndi omwewo anathamangitsira mchimwene wanga Yohane pakhomo atalowa gule. Ndili mtsikana wamng'ono ndinakumana ndi chilombo cha gule panjira ya kuchigayo, ndipo ndinazindikira chala cha Yohane chopindika cha kuphazi lamanzere. Ndinaliyatsa liwiro osacheuka, thumba lili pamutu. Dzina la Yohane silinkatchulidwanso kwathu.

Ku Govanhill, dera lina la Glasgow, ndinkasamalira okalamba, kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, n'kumadya ndekha choimirira. Pafoni ndinkati zonse zili bwino, chonsecho ndinali wosungulumwa kwambiri. Okutobala akamatha, tsiku la Halowini, ana ankavala ngati mizukwa ndi mafupa n'kumagogoda khomo ndi khomo. Ine ndinkazimitsa magetsi n'kugwada, mtima uli m'mwamba. Ngakhale nditabereka Tadala sindinasinthe. Bambo ake atatisiya tinatsala awiri, ndipo iye ankasuzumira pawindo anzake akudutsa, n'kumalira chamumtima.

Chaka china pa tsikulo ndinatsegula chitseko poganiza kuti ndi mnzanga wa kutchalitchi. Ndinapeza kamzukwa kondilekeza m'chiuno, kofunda nsalu yoyera. Kumeneko mwana salandira switi zaulere, amayamba waimba kapena kunena nthabwala. Kamzukwako kanayamba nyimbo, kanaiwala mawu, n'kuyamba kulira. Satana wake uti amaiwala nyimbo n'kutuluka mamina? Maso anga anagwera pansi: tinsapato ta kusukulu, chingwe chimodzi chitamasuka. Ndinagwada n'kumanga.

"Amayi, ndi Isla uyu, timakhala limodzi m'kalasi," anatero Tadala m'Chingerezi chake cha ku Glasgow.

Chaka chotsatira ndinamusokera Tadala mapiko a mleme ndi chitenje changa chakuda. Tinakwera masitepe a nyumba zonse, ine ndikupemphera, koma palibe chinatigwira. Tadala anaseka mpaka kutsamwa. Chithunzi chake chitafika kumudzi, bambo anasiya kuyankha foni yanga. Ndalama zokha ankalandirabe. Zinandiwawa, chifukwa ndinkawakonda ndi ukali wawo womwewo.

Ndinabwerera kukaika maliro awo, tisanayanjane. Amayi a mpingo akuimba pasiwa, ndinaona mwamuna wa imvi atakhala yekha kuseri kwa nkhokwe, popanda womupatsa moni. Nkhope sindinaidziwe. Ndinadziwa chala chija m'patapata.

Ndinapita kukagwada pambali pake, anthu akundiyang'ana. "Achimwene, mwafika?"

"Lero suthawa, mlongo?" anandifunsa, mopanda mkwiyo. Wa gule saulula amene ali m'chigoba, choncho anayang'ana pansi n'kupitiriza. "Chilombo chija cha kuchigayo chinandiuza kuti chinkangofuna kukulandira thumba. Chinaona kuti likukulemera."

Ndinalira kuposa mmene ndinawalirira bambo. Chibale n'fupa, sichiola, koma chathu tinachisiya padzuwa mpaka imvi. Ndinachita kuwoloka nyanja kuti mwana wa eni andiphunzitse kuyang'ana mapazi, pamene a mchimwene wanga ndinawadziwa tsiku lomwe lija.